Kutenga galu amene sanamalize maphunziro othandiza anthu olumala: mafunso ndi mayankho

Ku Britain, ku America ndi ku South Africa kuli masukulu ophunzitsa agalu kutsogolera anthu osaona, kudziwitsa anthu osamva kuti belu la pakhomo likulira, ndi kutolera zinthu zimene munthu wa pa njinga ya olumala wagwetsa. Chaka chilichonse masukuluwa amatsala ndi agalu amene sanafike kumapeto kwa maphunziro, ndipo agaluwo amafuna makomo. Abale athu ambiri okhala kumaikoko akamva zimenezi amaganiza kuti apeza galu wophunzira kale pamtengo wozizira. Maganizo amenewa ali ndi mbali yoona, koma yochepa. Galu aliyense wochotsedwa m'maphunziro ali ndi chifukwa chake chomwe anachotsedwera, ndipo chifukwacho amabwera nacho kunyumba kwanu. Funso lalikulu pa nkhaniyi ndi lakuti kodi khomo lanu lingakhale nacho chifukwacho kwa zaka khumi kapena kupitirira.

Agalu amenewa ndi otani, ndipo amakula bwanji?

Ambiri ndi a mtundu wa Labrador Retriever, Golden Retriever, kapena obadwa pophatikiza mitundu iwiriyi. Ena ndi German Shepherd ndi Poodle wamkulu. Masukulu akuluakulu amabereketsa okha agalu awo, posankha makolo ofatsa ndi athanzi. Bungwe la Guide Dogs ku Britain lili ndi malo oberekerako agalu pafupi ndi Leamington Spa, ndipo la The Seeing Eye ku New Jersey, lomwe linayamba mu 1929, nalonso lili ndi malo ake.

Kagalu kakakwanitsa masabata asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu kamaperekedwa ku banja lodzipereka kuti likalere. Banjalo limakhala nako kwa chaka kapena kupitirirapo pang'ono. Limakwera nako basi ndi sitima, limalowa nako m'masitolo, limakaphunzitsa kugona phee pansi pa tebulo anthu akamadya ndi kudzithandiza panja. Kenaka galuyo amabwerera kusukulu kukaphunzira ntchito yeniyeni kwa miyezi ingapo, ndipo akapambana amayamba ntchito ali ndi zaka pafupifupi ziwiri. Akhoza kuchotsedwa nthawi ina iliyonse pa ulendowu: ena ali aang'ono, ena atangotsala masabata ochepa kuti aperekedwe kwa munthu wosaona. N'chifukwa chake agalu ambiri operekedwa kwa anthu wamba amakhala a chaka chimodzi mpaka ziwiri, msinkhu umene Labrador amakhala ndi mphamvu zosefukira.

Amachotsedwa chifukwa chiyani?

Zifukwa zilipo za thupi ndi za khalidwe.

Za thupi ndi monga mafupa a m'chiuno kapena a m'chigongono amene sanalumikizane bwino pokula. Vutoli limapezeka kwambiri mwa agalu akuluakulu, limaoneka pa X-ray galu asanayambe n'kutsimphina komwe, ndipo pakapita zaka limabweretsa nyamakazi. Ena amakhala ndi khungu loyabwa chifukwa thupi lawo silimvana ndi zakudya zina, mungu kapena fumbi, ndipo makutu awo amachita mafinya kawirikawiri. Ena ng'ala, ena khunyu, ena mtima, ena m'mimba mosachedwa kutsegula. Munthu wosaona sangakwanitse kumayang'ana m'khutu mwa galu tsiku ndi tsiku ngati mwafiira, ndipo galu wodwaladwala amamusiya mwini wake m'nyumba pa tsiku loti apite kuntchito.

Za khalidwe ndi zimene anthu ambiri amazimvetsa molakwika. Taganizirani zimene galu wotsogolera munthu wosaona amayenera kuchita. Adutse pafupi ndi galu mnzake osatembenuka. Aone gologolo akuthamanga osagwedezeka. Aponde pambali pa chidutswa cha nyama chogwera pansi osanunkhiza. Akwere masitepe oonekera pansi, ayende pa matailosi oterera, alowe m'chikepe, apirire phokoso la sitima ndi makombola. Ayeze ndi maso ngati munthu wamtali kuposa iye angadutse pansi pa nthambi osagunda mutu. Pamwamba pa zonsezi, mwini wake akamuuza kuti awoloke pamene galimoto ikubwera, akane. Galu wofatsa kwambiri amalephera kukana. Galu wamakani kwambiri amalephera kumvera. Ofunika ndi amene ali pakati penipeni, ndipo ndi ochepa.

Choncho galu amachotsedwa chifukwa amasangalala mopitirira muyezo akaona agalu anzake, kapena amatola chilichonse chodyedwa panjira, kapena amanjenjemera mabingu akagunda, kapena thupi lake limanyansidwa ndi malamba a pachifuwa amene amavala pogwira ntchito. Alipo amene amadzithandiza pakati pa ulendo m'malo modikira pamalo ake. Alipo amene amangoonetsa kuti ntchitoyo siikuwasangalatsa: akaona malamba aja amazyolika, amayenda mokakamizika. Zili ngati mwana wanzeru amene wapita kukaphunzira unamwino koma magazi amamuchititsa chizungulire. Nzeru ali nazo, ntchitoyo ndiyo si yake. Masukulu abwino samukakamiza galu wotere, ndipo ine ndimawalemekeza kwambiri pa chimenechi, chifukwa pofika nthawiyo amakhala atawononga kale ndalama zambiri pa iye.

Ndiye kuti si agalu olusa?

Ambiri ayi. Galu amene waonetsa kuti akhoza kuluma anthu saperekedwa mwachisawawa kwa aliyense wolemba fomu. Komabe musamve mawu akuti "ndi wofatsa" n'kuleka kufunsa. Galu wamantha akapanikizidwa pakona ndi ana akhoza kukwenya. Wina amalusira chakudya chake kapena chidole chake. Wina amauwa ndi kudumphira agalu anzake ali pa chingwe, ndipo galu wolemera makilogalamu 30 akadumpha amagwetsa munthu wamkulu. Funsani kuti akuuzeni chifukwa chenicheni, ndi zimene zinachitika, kangati, pamalo otani. Sukulu yoona mtima imanena zonse, chifukwa nayonso siifuna kuti galuyo abwezedwe.

Ndi ambiri bwanji amene samaliza?

Zimasiyana sukulu ndi sukulu komanso chaka ndi chaka, koma m'masukulu ambiri agalu pafupifupi theka safika pogwira ntchito imene anabadwira. Si kuti masukuluwo ndi osadziwa ntchito. Kulakwitsa kumodzi kwa galu pamphambano ya msewu kungatengere munthu kumanda, choncho akakayika pang'ono amamuchotsa.

Ngati ndi ambiri chotero, n'chifukwa chiyani anthu amadikira nthawi yaitali?

Chifukwa anthu wamba ndife omaliza pamzere. Poyamba sukulu imaona ngati galuyo angagwire ntchito ina. Amene amakonda kununkhiza kwambiri akhoza kupita kukaphunzira kufufuza mankhwala ozunguza bongo, mabomba, kapena kuzindikira fungo la shuga wotsika m'thupi mwa munthu. Wofatsa akhoza kukhala bwenzi la mwana wosaona: Guide Dogs ku Britain ndi Guide Dogs for the Blind ku California onse ali ndi dongosolo lotere, lothandiza mwana kuzolowera galu asanakule. Zimenezi zikalephereka, m'masukulu ambiri banja limene linamulera limafunsidwa ngati likumufuna, ndipo mabanja ambiri amavomera ndi misozi. Otsalawo ndiwo amaperekedwa kwa ofunsira akunja.

Mzerewo sukhala wakuti woyamba kulemba ndiye woyamba kulandira. Amayang'ana galu amene alipo, kenaka n'kufunafuna khomo lomuyenera. Wofuna galu wamkazi wachikasu, wopanda matenda, wosathamangitsa mphaka, wa chaka chimodzi, akhoza kudikira zaka. Wovomera galu wa khungu loyabwa kapena wopuma ntchito chifukwa cha ukalamba amaitanidwa msanga. Nthawi zina masukulu amatseka kaye kulandira mafomu chifukwa ofunsira achuluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndingafunsire kuti?

Ku Britain yambani ndi Guide Dogs, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1934, patapita zaka zitatu kuchokera pamene Muriel Crooke ndi Rosamund Bond anakonza zoti agalu anayi oyamba aphunzitsidwe ku Wallasey. Aliponso Hearing Dogs for Deaf People ku Buckinghamshire, Dogs for Good ku Banbury, ndi Canine Partners. Ku America kuli The Seeing Eye ku Morristown, Guide Dogs for the Blind ku San Rafael, Guiding Eyes for the Blind ku Yorktown Heights m'boma la New York, Leader Dogs for the Blind ku Michigan, ndi Canine Companions ku Santa Rosa. Ku South Africa kuli South African Guide-Dogs Association for the Blind, imene Gladys Evans anaiyambitsa mu 1953. Likulu lake lili ku Johannesburg ndipo ili ndi nthambi ku Cape Town. Pofufuza pa intaneti lembani "career change dogs", "released dogs" kapena "rehoming" pamodzi ndi dzina la bungwe. Masukulu ena amangopereka kwa anthu okhala m'madera oyandikana nawo, choncho werengani zimenezi musanataye nthawi ndi fomu.

Chenjerani ndi akathyali. Pa Facebook pamapezeka anthu oika zithunzi za agalu ovala majekete onga amene agalu othandiza olumala amavala, n'kunena kuti mutumize ndalama ya mayendedwe kuti galuyo akupezeni pakhomo. Sukulu yeniyeni siigulitsa galu kwa munthu amene sinamufunse mafunso. Onani ngati bungwelo lili pa mndandanda wa Assistance Dogs International kapena International Guide Dog Federation, ndipo lembani kudzera pa tsamba lake lenileni.

Adzafuna chiyani kwa ine?

Choyamba ndi nthawi, ndipo apa ndi pamene ambiri a ife timagwera. Guide Dogs ku Britain imafuna kuti galu asasiyidwe yekha kupitirira maola anayi pa tsiku. Lamuloli si lokhwimitsa zinthu chabe. Galuyu chibadwire sanakhaleko yekha nthawi yaitali. Analeredwa kuti azikhala pambali pa munthu kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mukamutsekera m'nyumba kwa maola khumi ndi awiri amalira, amatafuna zitseko, amadzinyambita miyendo mpaka zilonda. Abale ambiri ogwira ntchito yosamalira okalamba kapena ya m'chipatala ku Manchester, ku Leeds kapena ku Dublin amagwira mashifiti aatali. Ngati pakhomo palibe wina wotsala, kapena ndalama yolipira munthu womuyendetsa masana, dikirani kaye mpaka moyo udzasinthe. Musaname pa fomu. Wovutika ndi bodzalo ndi galu.

Chachiwiri ndi malo. Ambiri amafuna bwalo la mpanda wosadumphika, ndi kalata ya eni nyumba ngati mukuchita lendi. Adzafunsa za ana, zaka zawo, mphaka, akalulu, ndi agalu ena amene muli nawo. Ena amabwera kudzaona nyumba kapena kukupemphani kuti muwaonetse pa vidiyo. Amafunanso kuti onse a m'nyumbamo avomere. Ngati mayi a m'nyumba amanyansidwa ndi ubweya pa sofa ndipo bambo ndiwo akukakamira, nkhaniyo ithe kaye pakati pa awiriwo. Labrador amathothoka ubweya chaka chonse.

Pomaliza mudzasayina mgwirizano. Nthawi zambiri umanena kuti simudzamugulitsa, simudzamupereka kwa wina popanda chilolezo, simudzamubereketsa, ndipo simudzamugwiritsa ntchito ngati galu wothandiza olumala.

Zimadya ndalama zingati?

Masukulu ambiri amalipiritsa kapena kupempha chopereka, ndipo mtengo umasiyana kwambiri. Wa galu wodwala kapena wokalamba umatsika. Ndalamayo ndi yochepa poyerekeza ndi imene anawononga, pakuti masukulu akuluakulu a ku America amanena kuti kubereketsa, kulera ndi kuphunzitsa galu mmodzi wotsogolera kumapitirira madola 50,000. Galuyo amabwera atalandira katemera, ali ndi microchip (kachipangizo komuzindikiritsa koikidwa pansi pa khungu), ndipo kawirikawiri atafulidwa kapena kutsekedwa kale.

Ndalama zenizeni zimayamba akafika. Chakudya cha galu wamkulu, mankhwala a nthata, nkhupakupa ndi njoka za m'mimba, katemera wa chaka ndi chaka, ndi wokusungirani mukapita kumudzi kwa mwezi wathunthu. Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachidziwa: makampani a inshuwalansi ya ziweto nthawi zambiri salipira matenda amene chiweto chinali nawo kale. Ngati galu anachotsedwa chifukwa cha chigongono, opaleshoni ya chigongonocho idzatuluka m'thumba mwanu. Pemphani mapepala onse a kuchipatala, muwaonetse dokotala wa ziweto wa kwanuko, akuuzeni zimene mungayembekezere musanavomere. Funsaninso ngati sukuluyo imathandizako pa matenda amene inawadziwa kale, poti ena amatero.

Kodi angakhale mlonda wa pakhomo?

Ayi, ndipo ndikupemphani kuti ngati mukufuna mlonda musamutenge. Ambirife tinakula tikudziwa galu wogona panja, wodya mkute, wouwa usiku, wopita kosaka ndi anyamata. Galu ameneyo ali ndi ulemu wake ndi ntchito yake. Koma uyu ndi wina. Makolo ake anasankhidwa kwa mibadwo yambiri chifukwa chosalusira alendo. Analeredwa kuti munthu wachilendo akamuyandikira akhale chete. Wakuba akalowa, ambiri mwa agaluwa amamulandira ndi mchira.

Choopsa n'chakuti munthu akaona kuti galu sakuuwa, amayamba kumumangirira pa unyolo kapena kumutsekera m'kakhola masana onse kuti "aluse". Zimenezi zimaswa mtima wa galu amene anaphunzitsidwa kukhulupirira munthu aliyense. Salusa ngati mlonda. Amasanduka wamantha, ndipo galu wamantha ndiye amaluma mwana wa mnansi. Galu ameneyu amagona m'nyumba, pa kabedi kake, pafupi ndi anthu. Sukulu ikadziwa kuti mukufuna kumugoneka panja siikupatsani. Abale a ku Johannesburg ndi ku Pretoria amene nkhawa yawo ndi umbanda, nkhawayo ndi yomveka, koma yankho lake lili kwina.

Amabwera akudziwa chiyani? Angamve Chichewa?

Amene analeredwa ndi banja amadziwa kudzithandiza panja, kukhala pansi, kugona, kudikira, kukwera galimoto ndi kubwera akaitanidwa, ngakhale kubwerako kumavuta kwa amene amatengeka ndi agalu anzawo. Ambiri anaphunzitsidwa kudzithandiza akauzidwa mawu ena ake. Ku Guide Dogs ya ku Britain mawuwo ndi "busy". Pemphani mndandanda wa mawu onse amene amadziwa. Amene anachotsedwa mochedwa amakonda kuyenda kumanzere kwanu, patsogolo pang'ono, ndipo ena amaima okha m'mphepete mwa msewu. Zophunzirazi zimafufutika mukapanda kuzipitiriza. Miyezi itatu yomulekerera kudumphira alendo ndi kupempha patebulo ndi yokwanira kugwetsa ntchito ya chaka chathunthu.

Chichewa angamve bwinobwino. Galu samva chiyankhulo, amagwira kamvekedwe ka mawu ndi zimene zimatsatira. Nenani "khala", kenaka mawu a Chingerezi amene akuwadziwa, akakhala mupatseni kachakudya. Pakapita masiku adzayamba kukhala musanafike pa Chingerezicho. Chofunika ndi chakuti nonse m'nyumbamo mugwirizane mawu amodzi. Agaluwa anaphunzitsidwa ndi mphotho ndi chiyamikiro. Ndodo kapena kukalipa zimangowasokoneza.

Popeza anaphunzirako, ndingamuveke jekete n'kumalowa naye m'sitolo kapena m'ndege?

Ayi. Kuchokera tsiku limene wachotsedwa, iye ndi chiweto ngati china chilichonse. Ufulu wolowa ndi galu m'malo odyera, m'matakisi ndi m'masitolo, umene uli m'lamulo la Americans with Disabilities Act la 1990 ku America ndi Equality Act la 2010 ku Britain, ndi wa munthu wolumala amene ali ndi galu wophunzitsidwa kumuthandiza. Suli pa galu. M'maboma ambiri a ku America kunamizira kuti chiweto ndi galu wothandiza ndi mlandu. Ku California chilango chake chimafika miyezi isanu ndi umodzi m'ndende kapena faindi ya madola 1,000.

Koma ngakhale lamulo likanakhala chete, taganizirani amene mukumupweteka. Galu wanu anachotsedwa mwina chifukwa amathamangira agalu anzake. Mukalowa naye m'sitolo n'kukumana ndi mayi wosaona ali ndi galu wake, wanuyo akadumpha, mayiyo amasokonezeka njira, ndipo galu wake akhoza kugwidwa mantha osagwiranso ntchito. Mwini sitolo amene waona galu wa jekete akuba buledi mawa amakaniza munthu wosaona weniweni pakhomo. Anthu osaona amakanizidwa kale kukwera matakisi ndi kulowa m'malesitilanti ngakhale lamulo lili kumbali yawo. Tisawawonjezere mtolo.

Ngati mukufuna kuti ufatsi wa galu wanu upindulire ena, njira ilipo. Ku Britain bungwe la Pets As Therapy limayesa agalu a anthu wamba, ndipo opambana amakacheza ndi okalamba, odwala ndi ana asukulu. Agalu ambiri ochotsedwa amachita bwino kwambiri pa ntchito imeneyi.

Ndili ndi m'bale wosaona. Ndingamutengere galu wotere kuti azimutsogolera?

Musayese n'komwe. Akatswiri anamuyesa kwa miyezi n'kupeza kuti sangadaliridwe ndi moyo wa munthu. M'bale wanuyo afunsire yekha galu wophunzira mokwanira. Ku masukulu ambiri munthu wosaona salipira kanthu kapena amalipira ndalama yochepa. Ku The Seeing Eye galu woyamba ndi madola 150, mtengo umene sunasinthe kuyambira m'ma 1930. Masukulu amafuna kuti munthuyo akhale atadziwa kale kuyenda ndi ndodo yoyera, chifukwa amene amadziwa njira ndi kumvetsera magalimoto ndi munthu. Galu amangomulambalalitsa pa zopinga.

Azidya chiyani? Ndamva kuti agaluwa ndi osusuka.

Mwamva zoona. Mu 2016 ofufuza a ku University of Cambridge, motsogozedwa ndi Eleanor Raffan, anapeza kuti pafupifupi Labrador mmodzi mwa anayi ali ndi chilema pa jini (kachidutswa ka chibadwa kochokera kwa makolo) yotchedwa POMC, imene imathandiza ubongo kudziwa kuti mimba yakhuta. Mwa agalu othandiza olumala amene anawayeza, chilemacho chinapezeka mwa atatu pa anayi alionse. Mwina n'chifukwa chakuti galu wokonda chakudya ndi wosavuta kuphunzitsa ndi mphotho, ndiye amasankhidwa kwambiri. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti galu wanu akhoza kukuyang'anani ndi maso a njala atangomaliza kudya. Si njala yoti mumuwonjezere.

Ife timakonda kuonetsa chikondi ndi chakudya, ndipo mlendo aliyense wobwera pakhomo adzafuna kumuponyera kanthu. Akanizeni mwaulemu. Kunenepa kumawonjezera ululu wa m'chiuno ndi m'zigongono, ndipo kumafupikitsa moyo. Yezani chakudya pa sikelo, pitirizani ndi chimene amadya kusukulu, ndipo mukafuna kusintha sinthani pang'onopang'ono kwa sabata. Mkute wa patebulo ndi woopsa kuposa mmene timaganizira: ndiwo zathu zimakhala ndi anyezi, ndipo anyezi ndi adyo zimawononga magazi a galu. Mphesa, zouma ndi zaziwisi zomwe, zimaononga impso. Chokoleti ndi poizoni. Mafupa a nkhuku ophika amasweka n'kubaya matumbo, ndipo chitsononkho cha chimanga chowotcha chimatseka m'mimba mpaka opaleshoni. Bini ya zinyalala ikhale yotseka bwino.

Masabata oyamba amakhala bwanji?

Kumbukirani kuti pofika kwa inu galuyu wasintha kale makomo katatu kapena kanayi: kumene anabadwira, kwa omulera, kusukulu, mwinanso kwa omusunga mongoyembekezera. Ena amafika n'kugona ngati kwawo. Ena amakana chakudya, amayendayenda usiku, amakutsatirani mpaka kubafa, kapena kukodza m'nyumba ngakhale anasiya kalekale. Musamudzudzule. Mutulutseni pafupipafupi, mudyetseni pa nthawi yofanana tsiku lililonse, ndipo musaitane abale onse a kutchalitchi kudzamuona sabata yoyamba. Musamumasule chingwe kupaki mpaka mutatsimikiza kuti amabwera mukamuitana. Kumusiya yekha yambani ndi mphindi zochepa, n'kumawonjezera. Ana aphunzitseni kuti galu akakhala pa bedi pake kapena akamadya, asamukhudze.

Ngati banja limene linamulera likufuna kumamva za iye ndipo sukulu yavomera, atumizireni zithunzi. Anthu amenewa anadzuka usiku kwa chaka akumulera popanda malipiro, ndipo amadziwa zambiri za iye zimene sizinalembedwe pa pepala lililonse.

Nanga agalu a asilikali ndi a pabwalo la ndege?

Iyi ndi nkhani ina. Ku America bungwe la TSA, loona za chitetezo pa mabwalo a ndege, limapereka agalu amene sanamalize maphunziro ofufuza mabomba, ndipo wofuna amayenera kupita yekha ku San Antonio, ku Texas, kukamutenga. Agalu a asilikali anayamba kuperekedwa kwa anthu wamba lamulo lotchedwa Robby's Law litasayinidwa mu 2000. Ambiri ndi German Shorthaired Pointer, Belgian Malinois, German Shepherd ndi Labrador. Amenewa amasankhidwa chifukwa cha mphamvu ndi liuma pofunafuna chinthu, ndipo ambiri akulira m'makola, sadziwa za m'nyumba. Ngati simunasungepo galu wamkulu, musayambire pamenepa.

Ndikadzabwerera kumudzi, ndingapite naye?

Nenani zimenezi pa fomu kuyambira pachiyambi, chifukwa masukulu ena salola kuti galu wawo atuluke m'dziko. Akalola, pafunika chilolezo cholowetsera chiweto chochokera ku nthambi ya boma yoona za ziweto, katemera wa chiwewe amene sanathe mphamvu, ndi kalata ya dokotala wa ziweto ya masiku oyandikira ulendo. Galu wamkulu amakwera ndege m'bokosi, kumalo a katundu, ndipo mtengo wake ndi waukulu.

Ganiziraninso za moyo wake akafika. Kutentha kwa ku Nsanje, ku Salima kapena ku Tete ndi kolemetsa kwa Golden Retriever wa ubweya wambiri. Nkhupakupa za kwathu zimapatsira malungo a agalu amene amapha msanga, mphutsi za ntchentche zimalowa m'khungu nthawi ya dzinja, ndipo chiwewe chilipo. Galu wa khungu loyabwa kapena wa khunyu amafuna mankhwala osadukiza, omwe kunja kwa mizinda ikuluikulu ndi ovuta kupeza. Ndipo musamusiye kwa achibale amene adzamusunga ngati galu wa panja inu mutabwerera kunja. Ngati muli ku Malawi kale ndipo mukufuna galu wa pabanja, mabungwe osamalira nyama a LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre amakhala ndi agalu ofuna makomo, obadwira m'nyengo yathu, olimba, ndipo ambiri ndi anzeru zedi akapatsidwa mpata wophunzira.

Zikakanika, nditani?

Imbirani sukuluyo msanga, vuto lisanakule. Ambiri ali ndi alangizi amene amathandiza pa foni kapena kubwera kunyumba, ndipo mavuto ochuluka, monga kukoka chingwe kapena kulira akatsala yekha, amachepa mukalandira malangizo oyenera. Ngati ntchito yasintha, banja lasokonekera, mwana wayamba chifuwa chifukwa cha ubweya, kapena visa yatha ndipo mukuyenera kuchoka, mubwezeni kumene munamutenga. Musamuike pa malonda pa Facebook kapena kumupereka kwa mnzanu wa kuntchito mwakachetechete. Sukuluyo ili ndi mbiri yake yonse kuyambira tsiku lobadwa, ili ndi anthu amene akudikira, ndipo mgwirizano umene munasayina umanena kuti abwerere kumeneko.